Masiku Khumi Okha: Kuchita Apilo pa Mlandu wa Mankhwala Opezeka M'phukusi

Pa Nkando sipatha sabata popanda munthu wolandira katundu wochokera kunja kwa dziko lino. Ena amadikirira m'mbali mwa msewu wa Midima galimoto ya matransipota yochokera ku Joni. Ena amaimbiridwa foni kuti apite ku positi ofesi, kapena ku ofesi ya kampani yonyamula mapasulo ku Blantyre, akasainire phukusi lawo. M'maphukusi ambiri mumakhala mabulangete, nsapato za ana, mafoni ndi mapoto, thukuta la abale athu amene akuvutikira kutali. Tsoka lake, ochita malonda a mankhwala ozunguza bongo nawonso anaikonda njira yomweyi. Iwo sanyamula okha. Amafuna munthu woti dzina lake, nambala yake ya foni ndi chiphaso chake cha unzika zilembedwe pakatoni, kuti zikavuta unyolo ugwere iyeyo.

Tiyerekeze mnyamata wa kabaza wa pa Nkando pomwepa. Mnzake amene anaphunzira naye limodzi, ndipo pano ali ku Johannesburg, akumulembera pa WhatsApp kuti: "Achimwene, kukubwera kaphukusi ka abwana anga kuchokera kunja, koma eni ake alibe chiphaso. Ndalembetsa dzina lanu. Mukakatenge, wina akupezani pa Limbe. Ya mafuta ndikutumizirani." Mnyamata akukwera njinga, akusaina pepala, akunyamula katoni, ndipo asanatuluke pageti apolisi amugwira. M'kati mwa sipika ya wailesi mwapezeka ufa woyera. Patapita miyezi, khoti la majisitireti lamupeza wolakwa ndi kumulamula kukakhala kundende zaka zingapo. Mayi ake akulira pakhonde la khoti, atsibweni ake angogwira m'chiuno, aliyense akuona ngati nkhani yathera pompo.

Siinathe. Malamulo oyendetsera dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, amapatsa munthu aliyense woweruzidwa ufulu wopititsa dandaulo lake ku khoti lalikulupo kuposa limene lamuweruza. Kumeneko ndiye kuchita apilo. Ufuluwu si wa anthu a ndalama okha, ndipo suchoka chifukwa choti mlanduwo ndi wochititsa manyazi. Koma uli ndi nthawi yake. Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo sananame. Chimene chimawola ndi mwayi wa apilo, ndipo umawola msanga.

Mlandu wake ndi wotani

Lamulo la Dangerous Drugs Act limaletsa kupezeka ndi mankhwala monga chamba, kokeni ndi heroini popanda chilolezo, komanso kuwalowetsa kapena kuwatulutsa m'dziko muno. Chilango chachikulu kwambiri ndi kukhala kundende moyo wonse, ngakhale kuti makhoti amayamba ayeza kuchuluka kwa mankhwalawo ndi mbali imene munthuyo anatengapo. Lamuloli silisankha kuti mankhwala anayenda m'chikwama, m'mimba mwa munthu kapena m'phukusi la positi. Wotumiza, wolandira, ngakhalenso wothandiza kulongedza, onse ali pamlandu ngati ankadziwa chimene akuchita.

Ena amanamizidwa kuti chamba chinavomerezedwa. Lamulo la mu 2020 linangolola kulima ndi kugulitsa chamba chopangira mankhwala ndi zinthu za m'mafakitale, ndipo wochita zimenezi amayenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Mayi amene watumiza ku London mapaketi a tiyi wa ku Mulanje, pomwe ena mwa mapaketiwo mwaphatikizidwa chamba, lamulo limenelo silingamuteteze.

Achibale amadabwa kuti apolisi anadziwa bwanji tsiku ndi ola lomwe. Maphukusi amaunikidwa m'mabwalo a ndege, m'dziko limene achokera, m'maiko amene adutsa, komanso kuno ku Kamuzu International Airport ndi ku Chileka. Pangano la United Nations la mu 1988 lolimbana ndi malonda a mankhwalawa, limene dziko la Malawi linalowamo, limalola kuti phukusi lodziwika kale kuti muli mankhwala lisiyidwe lipitirize ulendo wake apolisi akulilondola, kuti adzagwire wobwera kudzalitenga. Choncho nthawi zina apolisi amakhala akudziwa za m'kati mwa katoni kuposa munthu amene wabwera kudzaisainira. Mfundo imeneyi muisunge, tibwereranso.

Masiku khumi

Mlandu ukaweruzidwa ndi majisitireti, monga pakhoti la paboma pa Mulanje, apilo imapita ku Khoti Lalikulu, ndipo kwa ife a kuno ndi ku Blantyre. Chinthu choyamba si kupeza loya, si kusonkha ndalama, si kulemba zifukwa zonse za dandaulo. Ndi kudziwitsa Khoti Lalikulu molemba kuti mukufuna kuchita apilo, ndipo izi zichitike pasanathe masiku 10 kuchokera tsiku la chigamulo kapena chilango. Powerenga masikuwo musachotsepo Loweruka ndi Lamlungu.

Masiku khumi ndi ochepa kwambiri kwa banja lakumudzi. Tsiku loyamba limatha ndi kulira. Lachiwiri n'kudziwitsa achibale. Kenako adikire mwinimbumba amene ali ku esiteti, agulitse nandolo kapena mbuzi kuti apeze thiransipoti, akamafika kundende kukaona m'bale wawo sabata ziwiri zatha. Amene analemba lamulo la apilo ankadziwa kuti wandende sangathe kukwera minibasi kupita ku Blantyre, n'chifukwa chake anaika njira ziwiri zosavuta zimene anthu ambiri sazidziwa.

Yoyamba ndi iyi: ngati mulibe loya, mukhoza kunena ndi pakamwa m'khoti momwemo, majisitireti akangomaliza kupereka chilango, kuti mukufuna kuchita apilo. Imikani dzanja, nenani mwaulemu kuti, "Olemekezeka, ndikufuna kuchita apilo, ndipo ndikupempha kope la chigamulo." Mukatero, udindo wodziwitsa Khoti Lalikulu umagwera khoti la majisitiretilo, ndipo lamulo limakuwerengani ngati munthu amene wapereka kale chidziwitso. Palibe mwano pamenepo. Majisitireti sangakuwonjezereni chilango chifukwa choti mwatchula ufulu wanu. Makhoti amauza woweruzidwa za ufulu umenewu, koma panthawiyo makutu amakhala atagontha ndi mantha, ndiye wachibale amene wakhala kumbuyo azimvetsera m'malo mwake.

Yachiwiri: ngati pakamwa panauma m'khoti, lembani chidziwitsocho muli kundende n'kuchipereka kwa woyang'anira ndende kuti achitumize. Mukangochipereka m'manja mwake, lamulo limaona ngati chafika ku Khoti Lalikulu. Sichifunika mawu ambiri. Dzina lanu, nambala ya mlandu, khoti limene linakuweruzani, tsiku la chigamulo, mawu oti mukufuna kuchita apilo pa chigamulo, pa chilango kapena pa zonse ziwiri, ndi pempho la kope la chigamulo. Poti makhoti athu amalemba m'Chingerezi, pemphani wothandiza pa zamalamulo amene amayendera ndende kuti akulembereni, koma musalole masiku kutha chifukwa chodikira munthu wa Chingerezi chabwino. Lembani makope awiri, lina lisainidwe ndi kudindidwa tsiku, mulisunge kapena mupatse wachibale.

Pempho la kope la chigamulo musaliiwale. Chidziwitso chikaperekedwa, pamafunika chikalata chachiwiri chofotokoza zifukwa za apilo, ndipo chili ndi masiku 30. Ngati munapempha kope, masiku 30 amenewa amayamba kuwerengedwa tsiku limene mwalandira kopelo. Ngati simunapemphe, amayamba tsiku la chigamulo lomwe lija, ndipo mumalemba zifukwa zanu mumdima, musanaone zimene majisitireti analemba.

Nanga amene masiku anamuthera? Asataye mtima. Khoti Lalikulu lili ndi mphamvu yolandira apilo yochedwa ngati pali chifukwa chomveka, monga kudwala kapena kulephereka kwa njira zotumizira chidziwitso muli m'ndende. Koma apa simukutenganso chinthu chanu, mukupempha, ndipo jaji akhoza kukana. Amaonanso ngati apiloyo ili ndi nzeru m'kati mwake. Mwezi uliwonse umene mwangokhala umachititsa kuti kufotokoza kuvute.

Liwu loti "ndikuvomera"

Apa ndi pamene anthu ambiri amadzitsekera okha chitseko. Munthu watopa ndi limandi, wagona chokhala kwa milungu, wina wamunong'oneza kuti ukavomera angokulipiritsa chindapusa upite kwanu. Akafunsidwa m'khoti amangoti "ndikuvomera". Lamulo limati munthu amene wavomera mlandu pamaso pa majisitireti sangachitenso apilo yotsutsa kuti ndi wolakwa. Angadandaule za kukula kwa chilango chokha, kapena ngati chilangocho chili chosemphana ndi lamulo.

Komabe kuvomera kuli ndi malamulo ake. Khoti lisanalembe kuti munthu wavomera, liyenera kutsimikiza kuti wamvetsa mlandu, wamvetsa zotsatira za kuvomerako, ndipo akuvomera zonse popanda "koma". Mnyamata wathu uja akanena kuti, "Ndikuvomera kuti katoni ndinanyamula, koma sindinkadziwa kuti muli chiyani," ameneyo sanavomere mlandu. Wakana. Majisitireti amayenera kulemba kuti wakana n'kuitana mboni. Akalemba kuti wavomera, chimenecho ndi chifukwa champhamvu chokadandaulira ku Khoti Lalikulu, ndipo majaji akhala akufafaniza zigamulo zotere. Vuto ndi loti jaji amadalira zimene zalembedwa m'fayilo. Ngati "koma" wanuyo munamunenera mumtima, kapena munamuuza wapolisi panja, m'fayilo mulibe. Nenani mokweza m'khoti, ndipo mukaona kuti womasulira wadumpha mawu anu, bwerezani.

Ine ndimaona kuti pa milandu ya maphukusi munthu asamavomere asanalankhule ndi loya kapena wothandiza pa zamalamulo, ngakhale atatopa chotani. Wolakwa weniweni akavomera amapeputsiridwa chilango, ndipo n'koyenera. Koma wosalakwa akavomera chifukwa chofuna kuthana nazo, amasenza dzina la wogulitsa mankhwala moyo wake wonse.

Zimene jaji amayang'ana

Apilo si kuyambiranso mlandu. Mboni sizibweranso, katoni ija siitsegulidwanso. Jaji amawerenga fayilo yochokera kwa majisitireti, kumva mbali yanu ndi ya maloya a boma, n'kuona ngati panalakwika. Choncho kulemba kuti "ndine wosalakwa, ndili ndi ana anayi, ndichitireni chifundo" sikukwanira. Muyenera kuloza pamene majisitireti anaphonya.

Pa mlandu wa phukusi, funso lalikulu ndi la kudziwa. Dzina lolembedwa pakatoni si umboni wokwanira, chifukwa aliyense amene ali ndi dzina lanu ndi nambala yanu akhoza kukutumizirani chinthu muli m'tulo. Kusaina nakonso kumangosonyeza kuti mwalandira katoni. Boma ndi limene liyenera kutsimikizira khoti, mosasiya chikayiko chomveka, kuti katunduyo anali m'manja kapena mu ulamuliro wanu ndipo munkadziwa za mankhwalawo. Si udindo wanu kutsimikiza kuti ndinu wosalakwa. Mukapereka mbali yanu, khoti siliyenera kudzifunsa ngati likukukhulupirirani kotheratu. Liyenera kudzifunsa ngati zimene mwanenazo zingathe kukhala zoona. Ngati zingathe, likumasuleni. Majisitireti amene wataya mbali ya woimbidwa mlandu popanda kuiunika, kapena amene walemba ngati kuti woimbidwa mlandu ndiye amayenera kudziyeretsa, walakwitsa, ndipo apilo imagwira pamenepo.

Koma tisanamizane. Kudziwa kumakhala mumtima, ndipo khoti limakuona kudzera m'zochita. Ngati munalonjezedwa ndalama zochuluka kwambiri pa ntchito yongonyamula katoni, ngati munagwiritsa ntchito dzina labodza, ngati munauzidwa kuti muzifufuta mauthenga mukawerenga, ngati munathawa mutaona apolisi, ngati aka kanali kachitatu kulandira phukusi lotere, jaji adzanena kuti munkadziwa, kapena munatseka maso mwadala kuti musadziwe. Kutseka maso mwadala sikupulumutsa munthu. Mbali inayi, amene anapita masana ndi chiphaso chake chenicheni, analandira ndalama yongokwanira mafuta, ndipo atangogwidwa anatchula amene anamutuma n'kupereka foni yake kuti apolisi aone, ali ndi zinthu zoti loya aimepo. Mukumbukire zija tinanena, kuti apolisi amatha kulondola phukusi kuchokera kutali. Umboni woti iwo ankadziwa za m'katimo si umboni woti inunso munkadziwa.

Funso lachiwiri ndi la katunduyo. Kodi chimene chinaonetsedwa m'khoti ndi chomwe chija chinapezeka m'phukusi? Analitsegula ndani, kuti, pamaso pa yani? Chinayezedwa kulemera liti, chinasungidwa kuti, anapita nacho ndani kokapima? Kuno kummwera chamba chimapimidwa ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe m'boma la Thyolo, pomwe ufa ndi mapilisi amapita kwa akatswiri monga a bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Wapolisi kungonena kuti "ndinaona ndi maso kuti ndi kokeni" si chimodzimodzi ndi lipoti la katswiri. Boma likafuna kugwiritsa ntchito lipoti lolembedwa popanda kubweretsa katswiriyo, liyenera kukupatsani kope lake kapena kupeza chilolezo chanu, ndipo muli ndi ufulu wokana lipotilo n'kupempha kuti mwini wake abwere adzayankhe mafunso. Phukusi lochokera kunja limadutsa m'manja ambiri. Pakasoweka umboni wa mmene linayendera, pamakhala mpata woti loya afunse.

Chachitatu ndi sitetimenti ya kupolisi. Ambiri amaganiza kuti akangonena kuti anamenyedwa, sitetimentiyo itayidwa. M'makhoti athu sitetimenti imatha kulandiridwa ngakhale mwaitsutsa, koma khoti siliyenera kuidalira pokhapokha litakhutira kuti munainenadi inuyo ndipo zimene zili m'menemo ndi zoona, poziyerekeza ndi umboni wina. Ngati chigamulo chonse chatsamira pa pepala limene munasainitsidwa osaliwerenga, popanda china cholichirikiza, lembani zimenezo m'zifukwa za apilo.

Palinso mmene mlandu unayendera. Kodi munapatsidwa mpata wofunsa mafunso mboni za boma ndi woitana mboni zanu? Kodi zonse zinamasuliridwa m'chiyankhulo chimene mumamva? Kodi woweruzidwayo anali asanakwane zaka 18 pomwe anazengedwa ngati wamkulu, m'malo mopita ku khoti la ana? Zonsezi ndi zifukwa zenizeni. Koma dziwani kuti kalakwika kakang'ono, monga tsiku lolembedwa molakwika pachikalata cha mlandu, sikagwetsa chigamulo pokhapokha ngati kanachititsa kuti chilungamo chisaoneke.

Umboni watsopano Khoti Lalikulu limatha kuulandira, koma mwa apo ndi apo, ndipo limafuna kudziwa chifukwa chimene sunabwere poyamba. N'chifukwa chake achibale asataye kalikonse: mauthenga a pafoni, malisiti a Airtel Money, Mpamba kapena Mukuru, kapepala kolandirira phukusi, nambala ya amene anatuma. Musafufute kanthu poganiza kuti mukuteteza m'bale wanu. Uthenga umene inu mukuuona ngati woopsa ukhoza kukhala womwewo wosonyeza kuti ananamizidwa.

Kudandaula za chilango chokha

Alipo amene akudziwa mumtima kuti analakwadi, koma zaka zimene apatsidwa zachuluka. Nawonso ali ndi ufulu wa apilo. Pa milandu ya chamba, Khoti Lalikulu linapereka kalekale chitsogozo choti chilango chizikwera malinga ndi makilogalamu amene munthu wapezeka nawo, kuti wa mpukutu wochepa asafanane ndi wa matumba odzaza lole. Kuwonjezera apo khoti liyenera kuganizira ngati munthuyo walakwa koyamba, msinkhu wake, ngati anavomera osataya nthawi ya khoti, nthawi imene wakhala pa limandi, ndiponso ngati anali mwini malondawo kapena wongotumidwa.

Ambiri tikukumbukira za mu 2022, pamene khoti la majisitireti ku Limbe linalamula mnyamata wina kukakhala kundende zaka 8 atapezeka ndi chamba choposa makilogalamu 100. Anthu anadandaula kwambiri, makamaka poyerekeza ndi mkulu wa kampani ina amene m'nyengo yomweyo anangolipira chindapusa pa mlandu wokhudza chamba. Khoti Lalikulu litaunikanso fayilo linatsitsa chilangocho kufika pa zaka 3. Mnyamata uja dziko lonse linamulankhulira. Wa pa Nkando amene nkhani yake siinamveke pa wailesi ali ndi ufulu womwewo, koma ayenera kuuyendera yekha ndi abale ake.

Chenjezo ndi ili: Khoti Lalikulu lili ndi mphamvu yotsitsa chilango, komanso yochikweza likaona kuti majisitireti anachita chifundo chopitirira. Silingakweze osakupatsani mpata wolankhula, koma zimachitika. Amene wapatsidwa chilango chopepuka pa katundu wochuluka ayambe wafunsa wodziwa malamulo asanadandaule za chilangocho.

Pali njira inanso imene imayenda yokha. Majisitireti akapereka chilango chachitali, kapena akatumiza kundende munthu wolakwa koyamba, fayilo imayenera kupita ku Khoti Lalikulu kuti jaji aiunike ndi kutsimikiza chilangocho. Pounikapo jaji akhoza kuchepetsa chilango ngakhalenso kumasula munthu. Ndi chitetezo chabwino, koma musachiyese cholowa m'malo mwa apilo. Nthawi zambiri jaji amawerenga fayiloyo payekha, inu palibe, ndipo mafayilo amachedwa. Pa apilo ndi pamene inuyo mumasankha mfundo zoti jaji aziyang'ane.

Podikira

Kuchita apilo sikuimitsa chilango. Munthu amakhalabe kundende, ku Mulanje, ku Chichiri kapena kulikonse kumene atumizidwa, ndipo masiku ake amawerengedwa. Belo yodikirira apilo ilipo, koma ndi yovuta kuipeza kusiyana ndi belo ya mlandu usanaweruzidwe, chifukwa tsopano lamulo silikumuonanso munthuyo ngati wosalakwa. Amayenera kusonyeza chifukwa chapadera, monga kuti apiloyo ikuonekeratu kuti ipambana, kapena kuti chilango chitha apilo isanamvedwe.

Chimene chimachedwetsa apilo zambiri ndi fayilo. Zolemba za majisitireti ziyenera kukonzedwa ndi kutumizidwa ku Blantyre, ndipo popanda fayilo jaji alibe chowerenga. Apa ndi pamene wachibale amathandiza kwambiri. Musankhe munthu mmodzi pabanja, wodekha ndi wodziwa kulemba, azisunga nambala ya mlandu m'kope, azipita kwa kalaliki wa khoti la paboma kukafunsa ngati fayilo yatumizidwa, azikafunsanso ku ofesi yolandira milandu ya Khoti Lalikulu ngati yafika ndipo yapatsidwa nambala ya apilo. Azilemba tsiku limene wapita ndi yankho limene walandira. Apilo ndi ya womangidwayo, ndiye amasaina, koma miyendo yake ndi achibale.

Ndipo chenjerani ndi madobadoba amene amazungulira pamakhoti n'kumanena kuti amadziwana ndi jaji. Banja limagulitsa munda, ndalama zimapita, masiku khumi amatha, ndipo kupereka ziphuphu ndi mlandu wina pawokha. Loya weniweni amakhala ndi chiphaso chogwirira ntchito, ndipo mukhoza kufunsa za iye ku Malawi Law Society. Amene alibe ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yoimira anthu osauka pa milandu, imene ili ndi ofesi ku Blantyre. Amayamba aona kapezedwe ka munthu, ndipo ena amapemphedwa kusonkhako pang'ono. Mabungwe a PASI ndi CHREAA ali ndi othandiza pa zamalamulo amene amayendera ndende ndipo amathandiza akaidi kulemba zikalata za apilo. Wandende afunse oyang'anira tsiku limene amabwera.

Jaji akamva apilo akhoza kufafaniza chigamulo n'kumasula munthu, akhoza kulamula kuti mlandu uzengedwenso, akhoza kusintha mlandu kukhala wocheperapo, kusintha chilango, kapena kukana apilo yonse. Ikakanidwa, patsala khoti la Suprimu, koma pa mlandu umene unayambira kwa majisitireti, khotilo limangomva mfundo za kamasuliridwe ka lamulo. Za amene ananena zoona pakati pa mboni, kapena za kuchuluka kwa zaka, zimathera ku Khoti Lalikulu. Choncho mphamvu zanu zonse muziike pa apilo yoyamba. Chikhululukiro cha Pulezidenti, chimene akaidi ena amalandira pa nyengo za zikondwerero, ndi nkhani ina. Chimatulutsa munthu kundende, koma sichinena kuti anali wosalakwa.

Akagwidwira kunja

Zonse tafotokozazi ndi za makhoti a m'Malawi. M'bale wanu akagwidwa ndi phukusi ku South Africa, kapena atangowoloka pa Muloza kulowa ku Milange, amaweruzidwa ndi malamulo a dzikolo, ndipo masiku ochitira apilo ndi a kumeneko. Maiko ena ndi ouma mtima kwambiri pa nkhaniyi: mu 2011 dziko la China linapha mayi wina wa ku South Africa atapezeka wolakwa pa mlandu wolowetsa mankhwala ozunguza bongo. Pangano la ku Vienna la mu 1963 limapatsa mlendo womangidwa ufulu wopempha kuti ofesi ya kazembe wa dziko lake idziwitsidwe. Malawi ali ndi ofesi zotere ku Pretoria, ku Johannesburg ndi ku Maputo. Kazembe sangatulutse munthu m'ndende ya eni ake, koma akhoza kumuyendera ndi kulumikiza banja ndi thandizo la zamalamulo la m'dzikolo. Achibale kuno adziwitse Unduna wa Zamaubale ndi Maiko Akunja ku Lilongwe mwamsanga, ndipo funso loyamba kwa loya wa kumeneko likhale loti masiku a apilo ndi angati.

Kwa inu amene simunagwidwe, musabwereketse dzina lanu, chiphaso chanu kapena nambala yanu ya foni kuti wina alandirire kapena kutumizira phukusi limene simunaone m'kati mwake, ngakhale wopemphayo ndi mlamu wanu kapena bwenzi la pa Facebook limene lakulonjezani ukwati. Wokutumani katundu woti mukatumize atsegule pamaso panu, ndipo akakana, inunso kanani.

Kwa inu amene m'bale wanu waweruzidwa sabata ino, werengani lero masiku amene apita kuchokera tsiku la chigamulo. Ngati sanakwane khumi, pitani kundende mawa m'mawa ndi pepala ndi cholembera, mumuuze alembe chidziwitso cha apilo, apemphe kope la chigamulo, ndipo achipereke kwa woyang'anira ndende tsiku lomwelo.